Tsiku limene chithunzi chinasanduka chobiriwira pamaso pa alimi

Ndine mlembi wa gulu la alimi a mtedza ndi soya kufupi ndi pa Kamwendo m'boma la Mchinji, ndipo ntchito yanga ndi kusunga kaundula wa mamembala, kulemba malipoti komanso kuonetsa mavidiyo a ulimi pamisonkhano yathu. Laputopu imene ndimagwirira ntchitozi ndinaigula yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo inapangidwa m'chaka cha 2011. Pa zolembalemba sinandikhumudwitsepo, koma pa mavidiyo inandizunza kwa miyezi ingapo, mpaka ndinatsala pang'ono kuigulitsa motchipa poganiza kuti yatha. Ndalemba izi chifukwa ndikudziwa kuti aphunzitsi, alembi a mipingo ndi ophunzira ambiri kuno ali ndi malaputopu a msinkhu womwewu, ndipo ena akulipira ndalama pokonzetsa chinthu chimene sichinawonongeke.

Vutoli linaonekera poyera m'nyengo yokumba mtedza. Alangizi anatipatsa vidiyo pa fulashi yophunzitsa kaumitsidwe ka mtedza kuti usagwidwe ndi chuku, ndipo tinasonkhana m'chipinda china, titabwereka purojekitala ndi kupachika nsalu yoyera pakhoma. Vidiyo inayamba bwino, koma patangopita mphindi ziwiri chithunzi chinang'ambika pakati, kenako nsalu yonse inasanduka yobiriwira ngati munda wa soya, pamene mawu a wophunzitsayo ankamveka bwinobwino osadukiza. Ndinatseka n'kutsegulanso, ndipo zinachitikanso chimodzimodzi. Kachitatu sikirini inada kwa kamphindi, n'kubwereranso ndi uthenga pakona wakuti driver ya zithunzi (kapulogalamu kolumikiza Windows ndi chipangizo chojambula zithunzi) inasiya kuyankha koma yayambiranso. Amayi apampando anandiyandikira n'kunena motsitsa mawu kuti, "Alembi, tidikire kapena tipitirize ndi zina? Anthu ena achokera kutali ndipo asiya mtedza padzuwa." Tinapitiriza ndi zina, ndipo phunziro limene anthu anabwerera silinachitike.

Maganizo anga oyamba anali akuti fulashi ija yandibweretsera vayirasi, ndipo mmisiri woyamba amene ndinapitako anagwirizana nane asanaiyatse n'komwe laputopuyo. Anaifomata, n'kuikamonso Windows 10, ine n'kulipira. Nditafika kunyumba ndinapeza kuti kubiriwira kwathadi, koma kwabwera zina zoposa pamenepo: zilembo zinkaoneka zotambalala, kuwala kwa sikirini sikunkatheka kuchepetsa, purojekitala sinkalandira chithunzi, ndipo vidiyo iliyonse inkayenda modumphadumpha. Patapita nthawi ndinadziwa kuti pofomatapo driver ya zithunzi sinaikidwe, moti mu Device Manager, malo a mu Windows oonetsa zipangizo za mu laputopu, pansi pa Display adapters, munalembedwa Microsoft Basic Display Adapter. Dzina limeneli likaoneka, tanthauzo lake n'lakuti Windows ikungojambula zithunzi mwa njira yongoyembekezera, osagwiritsa ntchito mphamvu za chipu cha zithunzi (kachipangizo ka m'kati kojambula zooneka pa sikirini) ngakhale pang'ono. Aliyense amene wafomatitsa laputopu ayang'ane pamenepa asanachoke pa benchi ya mmisiri.

Amene anandithandiza ndi mnyamata wina wokonza makompyuta ku boma, yemwe sanathamangire kutsegula zomangira. Anandifunsa mafunso atatu: ngati mawu ankapitirira chithunzi chitawonongeka, ngati kuwonongekako kunali m'kati mwa vidiyo mokha kapena pa sikirini yonse, komanso ngati mizere inkaoneka laputopu ikangoyatsidwa Windows isanatseguke. Nditayankha, anati, "Bambo, chipu chanu sichinafe ayi. Chakalamba, ndipo mapulogalamu a masiku ano akuchipatsa ntchito imene nthawi zina chimaikwanitsa, nthawi zina ayi. Tiyenera kupeza kuti ndi ntchito iti imene chimaikwanitsa." Mawu amenewa ndi amene anandisintha kaganizidwe, chifukwa ine ndinkafuna yankho limodzi lakuti yawonongeka kapena ili bwino.

Zimene anandifotokozera, ndi zimene ndinadzawerenga pambuyo pake, zili motere. Mu laputopu muli purosesa, imene imagwira ntchito iliyonse imene yapatsidwa, ndiponso muli chipu cha zithunzi, chimene chili ndi tizigawo topangidwira ntchito zochepa zokha koma n'kumazigwira mofulumira ndiponso mosadya magetsi ambiri. Vidiyo imasungidwa yofinyidwa kuti isadye malo, ndipo poionetsa imayenera kumasulidwa kukhala zithunzi pafupifupi 30 pa sekondi iliyonse. Pulogalamu ikatenga ntchito yomasulayi, kapena ntchito yojambula tsamba la pa intaneti, n'kuipereka kwa chipu m'malo mwa purosesa, zimenezo ndiye zimatchedwa hardware acceleration. Ife alimi a mtedza tingazimve bwino tikaganizira za makina oswera mtedza. Makinawo amaswa thumba m'kanthawi kochepa pamene manja angatenge tsiku, koma sefa yake imayenera kugwirizana ndi kukula kwa mtedzawo. Mukathiramo mtedza wa maso akuluakulu ngati Chalimbana pa sefa ya mtedza waung'ono, makina saima n'kukuuzani kuti alephera, amangophwanya. Manja ndi ochedwa ndipo amatopa, koma sasankha mtundu wa mtedza.

Mitundu ya kafinyidwe ka vidiyo nayo ili ndi mibadwo yake. H.264 inakhazikitsidwa mu 2003 ndipo machipu ambiri a m'malaputopu a kuyambira cha m'ma 2010 amaidziwa. H.265, imene imatchedwanso HEVC, ndi VP9 ya Google zinabwera mu 2013, ndipo AV1 inabwera mu 2018. Chipu chimene chinawumbidwa mu 2011 sichingaphunzire mitundu imene inabwera pambuyo pake, chifukwa luso lake linamangidwa m'kati mwa chitsulocho ndipo palibe pulogalamu imene ingawonjezerepo. Mwachitsanzo, pa machipu a Intel, omwe ndi ofala kwambiri m'malaputopu a kaunjika, HD Graphics 3000 ya 2011 ndi HD Graphics 4000 ya 2012 zimamasula H.264 koma osati H.265, VP9 kapena AV1. Kumasula H.265 mokwanira kunayamba ndi mapurosesa a m'badwo wachisanu ndi chimodzi mu 2015, VP9 mokwanira ndi m'badwo wachisanu ndi chiwiri, ndipo AV1 ndi m'badwo wa 11 mu 2020. Tsono YouTube imakonda kutumiza mavidiyo mu VP9 ndi AV1, ndipo mafoni ambiri atsopano amatha kujambula mu H.265. Ichi ndi chifukwa chake vidiyo ina imayenda bwino pamene inzake, yofanana nayo kutalika, imatenthetsa laputopu yomweyo.

Komatu kubiriwira kwanga kuja sikunabwere chifukwa cha mtundu wachilendo, popeza vidiyo ya alangizi inali ya H.264, yomwe chipu changa chimaidziwa. Apa ndi pamene pali gwero la kusadalirika kwenikweni. Pakati pa pulogalamu ndi chipu pali driver, yomwe ndi pulogalamu yaing'ono yomasulira malamulo kuti chipu chimve. Opanga machipu amakonza ma driver kwa zaka zingapo, kenako amasiya n'kupita ku machipu atsopano, pamene Windows, ma browser (mapulogalamu otsegulira intaneti monga Chrome ndi Firefox) ndi mapulogalamu a misonkhano akupitiriza kusintha mwezi ndi mwezi. Chipu changa chinasiya kulandira driver yatsopano kalekale, ndipo imene inkagwira ntchito inalembedwera Windows ya m'mbuyo. Choncho pulogalamu ya lero ikafunsa kuti, kodi ntchito iyi ungaithe, driver yakale imavomera, koma pogwira ntchitoyo imaphonya penapake. Zotsatira zake ndi chithunzi chobiriwira kapena chakuda, kuphethira kwa tsamba, zilembo zodukaduka, kapena kuima kwa chipu. Windows ikaona kuti chipu sichinayankhe kwa masekondi awiri imaidzutsanso driver, ndipo kuda kwa kamphindi kuja, pamodzi ndi uthenga wa pakona uja, kunali kumeneko.

Choyamba chimene mnyamata uja anachita chinali kutenga driver ya zithunzi pa tsamba la kampani imene inapanga laputopuyo, pofufuza ndi nambala ya mtundu wake yolembedwa kunsi. Driver imeneyo inali yakale ndithu, koma inali yoyesedwa pa laputopu ya mtundu umenewu. Itangolowa, purojekitala inayambanso kulandira chithunzi ndipo vidiyo ya chuku ija inayenda mu pulogalamu yoonetsera mavidiyo ya VLC kuyambira poyamba mpaka pomaliza osabiriwira. Ndinaganiza kuti nkhani yatha, koma madzulo ake, nditatsegula browser, tsamba linayamba kuphethira ndipo mabokosi akuda ankaoneka ndikamatsitsa tsambalo. Apa ndinaphunzira kuti hardware acceleration si batani limodzi la laputopu yonse, koma pulogalamu iliyonse ili ndi pake pozimitsira ndi poyatsira, ndipo chimene chakoma mu pulogalamu ina chikhoza kuipa mu inzake.

Malo ake ndi awa kwa amene akufuna kuyesa. Mu Chrome mumalowa mu Settings, kenako System, n'kuzimitsa pamene palembedwa Use graphics acceleration when available, ndipo m'ma Chrome akale mawu ake ndi Use hardware acceleration when available. Mukatero browser iyenera kutsekedwa n'kutsegulidwanso. Mu Firefox mumapita mu Settings, pa gawo la Performance, n'kuchotsa chizindikiro pa Use recommended performance settings, ndipo pamenepo m'pamene bokosi la hardware acceleration limaonekera. Mu VLC muli mu Tools, Preferences, Input / Codecs, pa mzere wa Hardware-accelerated decoding, pomwe mungasankhe Disable. Zoom, pulogalamu ya misonkhano ya pa intaneti, ili ndi mabokosi ake mu Video pansi pa Advanced, ndipo Office 2013 ndi 2016 zili ndi Disable hardware graphics acceleration mu Options pansi pa Advanced. Ngati sikirini yaima koma mawu akumveka, kudina pamodzi mabatani a Windows, Ctrl, Shift ndi B kumadzutsa driver popanda kuzimitsa laputopu, ndipo kangapo konse njira imeneyi yandipulumutsira lipoti limene ndinali ndisanasunge.

Anthu ambiri opereka malangizo amaimira pomwepa, ngati kuti kuzimitsa ndi mankhwala opanda mtengo, koma ine ndinaona mtengo wake usiku womwewo. Nditazimitsa mu browser, kuphethira kunatheratu, koma nditatsegula vidiyo ya pa YouTube fani inayamba kulira ngati njinga yamoto yokwera chitunda, mpweya wotuluka kumanzere unatentha moti sindikanatha kusiyapo dzanja, ndipo mu Task Manager, momwe Windows imaonetsa kutanganidwa kwa laputopu, purosesa inali pa 100 peresenti. Chithunzi chinkatsalira m'mbuyo mwa mawu, milomo ya wolankhula n'kumagwedezeka iye atamaliza kale chiganizo. Batire imene inkandifikitsa maola awiri polemba inatha ola lisanakwane. Kwa munthu amene ali ndi magetsi tsiku lonse zimenezi n'zazing'ono, koma ife timatchaja pa sola kapena kudikira magetsi abwere, ndipo msonkhano wa alimi suchitikira pafupi ndi soketi nthawi zonse. Ntchito yonse imene makina akanagwira inabwerera m'manja.

Pofuna kubweza liwiro ndinalakwitsa chinthu chimene ndikupempha ena asachite mwachisawawa. Opanga ma browser amasunga mndandanda wa machipu ndi ma driver amene amadziwika kuti amavuta, ndipo browser ikapeza chipu chotere imazimitsa yokha mbali zina za hardware acceleration. Mu Chrome mungaone zimenezi polemba chrome://gpu pamalo pa adiresi, pomwe mzere uliwonse umanena ngati ntchitoyo ili Hardware accelerated kapena Software only, ndipo mu Firefox tsamba lofanana nalo ndi about:support. Ndinawerenga kuti mndandandawo ukhoza kulumphidwa, ndipo ndinaulumphadi. Kwa masiku awiri zonse zinayenda mosangalatsa, koma tsiku lachitatu, ndili m'kati molemba fomu yaitali ya gulu pa intaneti, sikirini yonse inaima osayankha batani lililonse, ndipo ndinachita kuizimitsa ndi batani la magetsi, fomu n'kutayika pamodzi ndi bandulo imene ndinawonongerapo. Amene anaika chipu changa pa mndandanda umenewo anali ataona kale zimene ine ndinaziona tsiku limenelo, choncho ndinabwezeretsa momwe zinalili.

Chimene chinandithandiza mokhalitsa ndi kusiya kulimbana ndi chipu n'kuyamba kuchipatsa chakudya chimene chimachidziwa. Vidiyo iliyonse yoti ndikaonetse alimi ndimayamba ndaitsegula mu VLC n'kuona mtundu wake mu Tools pa Codec Information. Ikakhala ya H.265 kapena ya mtundu wina watsopano, ndimaisintha kukhala H.264 ndi pulogalamu yaulere ya HandBrake, posankha Fast 720p30. Kusinthaku kumatenga nthawi pa laputopu yakale, choncho ndimakuchita usiku magetsi akakhalapo, laputopu ili pa tebulo osati pa bedi. Kutsika kuchoka pa 1080p kufika pa 720p sikuluza kanthu kooneka, chifukwa 1080p ili ndi timadontho 2,073,600 pa chithunzi chilichonse pamene 720p ili ndi 921,600, ndipo sikirini yanga, monga malaputopu ambiri a nthawi imeneyo, ndi ya timadontho 1366 m'mbali ndi 768 m'mwamba basi. Kumasula timadontho topitirira mamiliyoni awiri kuti tikaonekere pa sikirini imene singatitenge tonse ndi kutopetsa makina pachabe. Achinyamata a m'gulu lathu amene amajambula minda ndi mafoni awo ndinawapempha kuti azimitse kajambulidwe ka HEVC mu kamera, komwe pa mafoni ena kamalembedwa kuti high efficiency, ndipo kuyambira pamenepo mavidiyo awo amatseguka osavuta.

Pa YouTube ndinapeza kuti kudina vidiyo ndi batani lamanja n'kusankha Stats for nerds kumaonetsa mtundu umene ukubwera: avc1 ndi H.264, vp09 ndi VP9, av01 ndi AV1, ndipo pomwepo pamaonekanso chiwerengero cha zithunzi zimene zatayika panjira. Pali kapulogalamu kowonjezera pa browser kotchedwa h264ify kamene kamachititsa YouTube kutumiza H.264. Nditakaika mu browser yachiwiri, imene driver yanga imagwirizana nayo, n'kusiya hardware acceleration ili yoyatsa, purosesa inatsika kwambiri ndipo fani inakhala chete. Choti mudziwe n'chakuti H.264 imadya bandulo yochulukirapo kuposa VP9 pa chithunzi chooneka mofanana, choncho ndikakhala pa bandulo yaing'ono ndimatsitsa vidiyo kufika pa 480p. Lero laputopu yanga ili ndi makonzedwe osakanikirana: mu VLC n'choyatsa, mu browser ya mavidiyo n'choyatsa, mu browser ya mafomu ndi makalata n'chozimitsa, ndipo pa misonkhano ya pa intaneti n'chozimitsanso. Zimaoneka zosalongosoka kwa woziona koyamba, koma malo aliwonse ndinawapeza poyesa.

Ngakhale zili choncho, sindinganene kuti vutoli linatha kotheratu, ndipo amene ali ndi chipu chakale ayembekezere kuti lidzabweranso. Kawiri konse browser itadzikonza yokha kukhala yatsopano, mabokosi akuda anabwerera pamalo pamene panali bwino, ndipo kamodzi driver ina inalowa yokha m'malo mwa imene mnyamata uja anaika. Pamenepo ndinalowa mu Device Manager, n'kutsegula chipu cha zithunzi, n'kudina Roll Back Driver pa tsamba la Driver, ndipo zinabwerera mwakale. Chifukwa cha zimenezi ndimasunga driver yabwinoyo pa fulashi yapadera, komanso kumapeto kwa kope la kaundula ndinalemba nambala ya driver, tsiku, ndi zimene ndinayatsa kapena kuzimitsa mu pulogalamu iliyonse. Ndimasintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi n'kuyesa ndi vidiyo yomweyo ya chuku, chifukwa poyamba ndinkasintha zinthu zinayi nthawi imodzi, ndipo zikakoma sindinkadziwa chimene chathandiza.

Fumbi nalo lili ndi gawo lake, makamaka kuno kumene mwezi wa Okutobala umabwera ndi kutentha ndi mphepo ya fumbi. Mnyamata uja atatsegula kunsi kwa laputopu anatulutsa fumbi lopikana ngati thonje pakati pa fani ndi timapepala ta chitsulo totulutsira mpweya, n'kupakanso phala latsopano loziziritsira pa purosesa, popeza lakale linali litauma ngati dothi la m'chilimwe. Purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse, ndipo vidiyo imayamba kudumpha patapita mphindi zingapo ngakhale inayamba bwino. Kuyeretsaku sikuchiza kubiriwira kochokera ku driver, koma kumapatsa purosesa mpata wonyamula ntchito imene chipu chakana.

Pali mtundu wina wa vuto umene suyenera kusokonezedwa ndi zonsezi. Mphwanga anabwera ndi laputopu yake yakale kuposa yanga, yokhala ndi chipu cha zithunzi chapachokha, akuyembekeza kuti ndimuzimitsira hardware acceleration basi. Titangoiyatsa, chizindikiro cha kampani chisanachoke n'komwe, sikirini inali kale ndi mizere yoimirira ndi timabokosi tamitundumitundu. Pa nthawi imeneyo Windows imakhala isanayambe ndipo driver imakhala isanalowe, choncho pulogalamu singakhale yolakwa. Tinalumikiza purojekitala kuti tione ngati ndi sikirini yokha kapena waya wake, ndipo mizere yomweyo inaonekanso pa nsalu, kusonyeza kuti vuto lili pa chipu chenichenicho kapena pamene chinawotcheredwa pa bolodi. Amisiri ena amachiwotcha ndi mpweya wotentha ndipo chimadzuka, koma kawirikawiri chimadzukira nthawi yochepa. Ndinamulangiza kuti ayambe wakopera mafayilo ake onse asanalipire aliyense, ndipo kuti ndalama yowotcherayo aisunge poyembekezera laputopu ina.

Anzanga ena akusamukira ku Linux, pulogalamu yoyendetsera kompyuta m'malo mwa Windows, popeza Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo malaputopu a msinkhu uwu sakwanira zofunika za Windows 11. Kumeneko machipu ena akale amakhala ndi ma driver amene akusamalidwabe, koma malire a chitsulo sasintha, moti chipu chosadziwa VP9 pa Windows sichiidziwanso pa Linux. Amene akufuna kusamuka ayambe wayendetsa Linux kuchokera pa fulashi n'kuyesa mavidiyo ake ndi purojekitala asanafufute kalikonse. Ndipo amene akukagula laputopu ya kaunjika atenge fulashi yokhala ndi vidiyo imodzi ya H.264 ndi ina yojambulidwa ndi foni yatsopano, aziseweretse kwa mphindi khumi pamaso pa wogulitsa, dzanja lili pafupi ndi potulukira mpweya, ndipo aone mu Device Manager dzina la chipu ndi m'badwo wa purosesa, chifukwa kukongola kwa chivindikiro sikunena za zimenezi.

Vidiyo ya chuku ija tinadzaionetsa patapita milungu itatu, mtedza wina utalowa kale m'matumba. Dzulo lake ndinapita ndekha m'chipinda chomwecho ndi purojekitala yomweyo, n'kuiseweretsa yonse kawiri laputopu ili pa batire, chifukwa ndinali nditaona kuti zimene zayenda bwino pa sikirini ya laputopu sizitsimikizira kuti ziyendanso bwino pa purojekitala. Pa tsiku la msonkhano ndinaika laputopu pa njerwa ziwiri kuti mpweya uzidutsa kunsi, ndinatseka mapulogalamu ena onse, ndipo m'thumba ndinali ndi fulashi yachiwiri yokhala ndi vidiyo yomweyo pa 480p. Pofika pa mphindi yachiwiri, pamene chithunzi chinang'ambikira tsiku lija, ndinapeza kuti ndagwira m'mphepete mwa tebulo, koma wophunzitsayo anapitiriza kusanja mapesi a mtedza, ndipo bambo wina wa kumbuyo anakweza dzanja kupempha kuti ndibweze pang'ono aonetsetse mmene makoko akulozera m'kati mwa mulu.